Ndinasumira Mkazi Wanga Chifukwa cha Galimoto Yachikasu

1

Ndiyambe ndi kunena kuti ine si munthu wamba. Ndimaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo theka la madalaivala a m'tauni mwathu linadutsa m'manja mwanga. Theka linalo ndi lija mumalipeza m'ngalande. Ndikatembenuka, ophunzira anga amanditchula kuti Abuleki, poganiza kuti sindimva. Ndimamva, ndipo dzinalo silindinyansa. Galimoto yanga yophunzitsira ili ndi buleki mbali zonse ziwiri, ya wophunzira ndi yanga, ndipo phazi langa silichoka pamenepo. Munthu akamayamba kuganiza zolakwitsa, ine ndimakhala nditaponda kale.

Kunyumba kuli mayi, amene amasoka makatani m'kachipinda ka kuseri. Takhala limodzi mpaka mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo, wakula, wakwatiwa, ndipo tsopano ndi amene amatilangiza pafoni. Banja lathu linali labwino. Ine ndinkalankhula, iwo ankasoka.

Zinthu zinasokonekera chifukwa cha munthu wina amene tizingomutchula kuti Wachikasu, popeza galimoto yake ndi ya mtundu umenewo, ngati dzira losweka. Anatsegula sukulu yake yoyendetsa galimoto kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi yanga. Amaphunzitsa wailesi ikulira. Injini ikazima pamphambano amaseka, n'kumuuza wophunzira kuti, "Palibe kanthu bwana wanga, lizaninso." Tangoganizani. Munthu watseka msewu wonse, iwe n'kumamutcha bwana.

Tsiku lina ndikupopetsa matayala, wopopa uja anayang'ana uku ndi uku, n'kunena chapansipansi kuti, "Aphunzitsi, musandide, koma mayi aja ndikumawaona m'galimoto yachikasu. Amalowera kubwalo lija la kuseri kwa fakitale yotsekedwa."

Ndinamuuza kuti asamale za mpweya wake. Mawa lake ndinali kubwaloko, nditabisala kuseri kwa mtengo. Chinthu chachikasu chinalipodi. Ndinachita kusendera pafupi, n'kusenderanso, chifukwa masiku amenewo zinthu zinali zitayamba kumaima patali kwambiri. Kenako ndinamva kuseka. Kuseka kwa mayi a kunyumba ndingakuzindikire ngakhale pakati pa msika.

Zimene ndinaona kumeneko sindinena msanga. Ingodziwani kuti ndinafika kunyumba wapansi, nditaiwala kuti ndinapita pagalimoto.

2

Munthu wanzeru akafuna loya amafunsa anzake, amafufuza ngati loyayo amadziwadi nkhani za mabanja, amayerekeza awiri kapena atatu. Ine ndinasankha loya wanga chifukwa anali wophunzira wanga. Ndinkamukumbukira ali thukuta kamukamu pachiwongolero, akuyankha kuti "chabwino aphunzitsi" ngakhale ndikamunyoza. Ndinati uyu ndiye wanga, ndizikamuuza pokhota.

Ofesi yake ili pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Masitepe ake ndi amdima, ndipo pachitseko analembapo tizilembo tagolide tating'onoting'ono mopanda ulemu. Nditalowa ndinapereka moni kwa munthu wamtali wovala zakuda amene anaima pakona. Sanayankhe.

"Umenewo ndi mkanjo wanga wa kukhoti, aphunzitsi," anatero mawu kuseri kwa tebulo. "Ine ndili kuno."

"Ndikudziwa. Ndimafuna ndione ngati uli tcheru. Koma wanenepatu iwe. Kubwerera m'mbuyo kuja unakudziwa?"

Anatsokomola, n'kukonza tayi.

"Aphunzitsi, muno ndine loya. Mukamati 'inu' zingandithandize, makamaka mlembi wanga akakhala pafupi."

Ndinamuuza kuti ndabwera kudzathetsa banja. Anakankhira mpando m'mbuyo, anagundanitsa nsonga za zala, n'kuyamba kulankhula ngati akuwerenga nkhani pawailesi.

"Khoti silithetsa banja chifukwa munthu wadzuka atakwiya. Ife a zamalamulo timafuna chifukwa chogwirika. Timalemba pempho, inu mumalumbira kuti zalembedwazo n'zoona, khoti limatumiza chisamani, mayi amayankha. Kenako timakamba za katundu. Ndiye tiyambe. Amakumenyani?"

"Ine?"

"Zimachitika, musachite manyazi. Anathawa panyumba?"

"Ali pomwepo, akusoka."

"Pali mwamuna wina?"

"Alipo."

Nkhope ya loya inawala ngati ya mwana amene wagulidwa mpira watsopano. Anatiuza pambuyo pake kuti chaka chonsecho ankangolemba za malire a mipanda.

"Munawaona nokha?"

"Ndi maso angawa. Kuseri kwa fakitale, pagalimoto yake."

"Masana?"

"Dzuwa likuswa mtengo."

"Akuchita chiyani?"

"Zimenezo sizingatuluke pakamwa panga."

"Ndamva, ndamva. Musadzipweteke, aphunzitsi. Zotsalazo tisiyireni ife."

Mlembi atamaliza kutaipa, ndinauza loya kuti andiwerengere mokweza, ati ndimve ngati amatha kuwerenga. Anawerenga mwamphamvu, ndipo atafika pa liwu lakuti chigololo analitchula pang'onopang'ono, ngati akulilawa. Ndinalimva bwinobwino. Silinali liwu loyenera, ndipo ndinadziwa. Koma zoona zake, m'maganizo mwanga, zinali zochititsa manyazi kuposa pamenepo. Apa m'pamene munthu amafunika kuponda buleki. Kwa nthawi yoyamba pamoyo wanga, phazi silinasunthe.

Tinapita kukalumbira, ndipo ndinasaina pamene chala chake chinaloza.

3

Owerenga, kukhala ndi loya kumakoma. Palibe anandiuzapo. Mapewa anangokwera okha. Woyandikana naye nyumba atadandaula kuti ndamugwetsera maluwa polowa pageti, ndinamuyankha kuti, "Lankhulani ndi loya wanga." Getilo linali litayamba kuchepa chaka chimenecho. Ndinaitana wowotcherera kuti adzaliyeze, iye n'kumalimbikira kuti ndi lomwe lija.

Loya anandilangiza kuti ndisakambe nkhaniyi ndi mayi, ndipo ngati n'kotheka tizikhala motalikirana. Ndinasamukira pabalaza ndi bulangete ndi pilo. Tiyi ndinayamba kupanga ndekha. Tsiku loyamba ndinathiramo mchere, ndipo ndinamwa yense kuti asaone.

"Bambo, kodi pabalazapo mukulondera mipando?" anafunsa mayi.

"Nthawi yake ikakwana mudzadziwa."

"Chabwino. Mukadzuka muzipinda bulangetelo, kumabwera makasitomala."

Ndinene zoona, sindinkafuna kuwasiya. Ndikanalowera kuti? Sindidziwa ngakhale kumene masokosi amakhala. Chimene ndinkafuna n'chakuti chisamani chifike, iwo anjenjemere, agwade, andipepese, ine ndiyang'ane kudenga kwa kanthawi, kenako ndikhululuke ngati munthu wamkulu. Mawu okhululukira ndinali nditawakonza kale. Ndinkawayeserera pamaloboti, ophunzira n'kumaganiza kuti ndikupemphera chifukwa cha kayendetsedwe kawo.

Chisamani chinafika mayi akuyeza nsalu ndi makasitomala awiri. Wa kukhoti anawapatsa m'manja, anawasainitsa, n'kumapita. Ine ndinali pabalaza nditaphimba nkhope ndi nyuzipepala, imene pambuyo pake ndinamva kuti inali yozondoka. Makina anasiya kulira. Makasitomala anatsanzika mwaulemu wachilendo, ndipo ndinawamva akuthamanga atangodutsa geti, aliyense akufuna akakhale woyamba kufalitsa.

Mayi anabwera n'kuima patsogolo panga.

"Bambo, mwakalumbira pamaso pa boma kuti ine ndine wachigololo?"

Ndinadikira mawondo. Mawondo sanapindike.

"Lankhulani ndi loya wanga," ndinatero, koma ulendo uno mawuwo sanakome m'kamwa.

"Ndilankhula naye."

Sanalire, sanaponye mbale. Anapita kukhitchini, anatenga botolo la mchere ndi la shuga, anamanga kansalu kokhakhala pakhosi pa la shugalo, n'kuwabwezera pashelefu. Ine ndinati chimenechi ndi chipongwe. Dzuwa lisanalowe, kagalimoto ka katundu kanali katanyamula makina osokera, ndipo mayi anali atapita kwa mwana wathu.

4

Pali chinthu china chimene loya anaiwala kundiuza, kapena anandiuza ine ndikuganiza za mawondo. Ukatchula mwamuna wina m'pempho lotere, nayenso amalandira chisamani chake. Cha Wachikasu chinafikira m'manja mwa mkazi wake. Pofika madzulo zovala zake zinali panja, ndipo usiku umenewo anayamba kugona m'galimoto yake, wailesi itazima.

Iye anayesa kudziteteza. Anauza mkazi wake, anauza wometa, anauza aliyense woima naye pamzere, kuti ankangowaphunzitsa mayiwo kuyendetsa galimoto. Tauni yonse inaseka mpaka kugwira nthiti.

"Mkazi wa Abuleki akaphunzire kwa iwe?" anatero mkazi wake, anthu akumva. "Sukulu ili pakhonde pake, mphunzitsi amagona naye nyumba imodzi! Ukanapeza bodza lina, ndikanakulemekezako."

Ine nditamva kuti palibe akumukhulupirira, ndinagona tulo tabwino.

Masiku amenewo ndinali munthu wotchuka. Wometa ankandimeta mwakachetechete ngati wofedwa. Anthu ankandipatsa mpando m'banki. Amuna anayamba kuchotsa akazi awo kutsidya n'kuwabweretsa kwa ine.

"Kwa inu n'kotetezeka, aphunzitsi," anatero wina. "Inu palibe mkazi angakusekerereni."

Ndinamuthokoza. Ndinali nditafika pamphambano yachitatu pamene mawuwo anandilowa.

Tsiku lina Wachikasu anawoloka msewu, malaya ali makwinyamakwinya, ndevu zosameta.

"Akuluakulu, ndakulakwirani chiyani? Mukudziwa bwino zimene munaona. Kangonenani basi, ine ndikagone pabedi."

"Lankhula ndi loya wanga."

"Msana wanga ndi umene ukufuna loya," anatero, n'kubwerera akuwugwira.

Madzulo ake mwana wathu anaimba foni.

"Adadi, mwapenga?"

"Umalankhula ndi bambo ako choncho? Mayi ako ali bwanji, akudya?"

"Akudya bwino. Akuimba nyimbo posoka. Dzulo agula nsapato zatsopano."

"Ndi chisoni chimenecho. Chimagwira anthu mosiyanasiyana."

"Adadi, ine ndimawadziwa amayi. Akanakhala kuti akulira ndikanati zitheka. Nsapatozi ndi zimene zikundiopsa."

5

Loya anandiitana akumveka ngati wapambana mpikisano. Ulendo uno mkanjo sindinaupatse moni. Ndinangoyenda molunjika kumene kunkachokera mawu.

"Aphunzitsi, nkhani yakoma! Mayi ayankha. Apeza loya wawo."

"Apepesa?"

"Ayi ndithu. Chigololo akana. Koma nawonso alemba pempho lawo. Akuti munthu amene wawaipitsira dzina chotere sangakhale nayenso, ndiye khoti lithetse banja. Akufuna gawo lawo la nyumba, makina ndi awo kale, komanso akufuna galimoto."

"Galimoto iti?"

"Muli ndi ingati?"

Ndinapeza phazi langa likuponda kapeti ya loya mwamphamvu.

"Imitsa," ndinatero. "Imitsa zonse. Kauze khoti kuti tinkangocheza."

"Khoti silicheza, aphunzitsi. Pempho lanu mutha kulichotsa, inde. Koma la mayi likuyenda palokha. Limenelo mbali yanu kulibe buleki."

Anasangalala nawo mawu akewo mpaka anaitana mlembi kuti amubwerezere. Kenako anandifotokozera kuti nkhani isanafike kwa woweruza, khoti limayamba latumiza anthu kwa mkhalapakati, kuti aone ngati angagwirizane pa za katundu, kapenanso kubwererana.

"Koma ife sitikupita kukabwererana," anatero. "Tikupita kukapambana. Inu mukakhale chete, ndikalankhula ndine."

Kunyumba kunali zii. Sindinkadziwa kuti kulira kwa makina aja ndi kumene kunkachititsa nyumba kukhala nyumba. Ndinapita m'kachipinda ka kuseri, ndinapeza tizidutswa ta nsalu pansi ndi malo oyera pamene panali makina. Ndinakapanga tiyi. Dzanja linakhudza kansalu kokhakhala kaja, ndipo tiyi anatuluka wa shuga. Ndinazindikira kuti chichokereni mayi sindinamwenso wa mchere, koma sindinafune kuganizira chifukwa chake.

6

Chipinda cha mkhalapakati chinali chaching'ono, chokhala ndi tebulo lozungulira, jagi ya madzi ndi bokosi la timapepala topukutira misozi. Mkhalapakatiyo anali mayi wachikulire wa magalasi a chingwe, wooneka kuti anamva kale bodza lililonse la padziko. Mbali ina kunakhala mayi a kunyumba ndi loya wawo, mzimayi wosalankhulalankhula. Onse awiri anavala zabuluu. Nsapato zatsopano zija ndinazimva polowa.

Loya wanga anaimirira, ngakhale anauzidwa kuti muno sitiimirira. Analankhula za ulemu wa banja, za mtima wosweka wa munthu wotumikira mtundu, za maziko a dziko. Ine ndinkagwedeza mutu. Mkhalapakati anathira madzi m'kapu, anamwa, n'kuthiranso.

"Tifike pa galimoto," anatero mkhalapakatiyo.

"Pamenepo ndiye pali nthabwala," anatero loya wanga, akuseka mwa kukhoti. "Galimoto ndi khasu la bambowa. Mayiwa akuifuna ya chiyani? Aziyanikapo makatani? Ndi ulemu wonse, munthu amene moyo wake wonse wakhala akupalasa makina osokera sadziwa ngakhale pamene pali hutala. Nkhani yoti ankaphunzira ndi nthano. Atapatsidwa kiyi lero, sangaitulutse n'komwe pamalo oimikapo."

Sindidziwa chimene chinandigwira. Munthu anganene zambiri za banja langa ine n'kukhala chete, koma bodza la kayendetsedwe ka galimoto sindingalilekerere.

"Amadziwa!"

"Aphunzitsi, tinagwirizana kuti..."

"Khala pansi iwe! Ndinawaona ine! Analowa chafutambuyo pakati pa migolo iwiri, mpata wake wongokwana galimoto basi. Dzanja limodzi pachiwongolero, maso pagalasi, kamodzi n'kamodzi, osakhudza mgolo, osazimitsa injini! Iwe unandiphwanyira migolo mpaka ndinakagula ina! Ndiye chitsiru chachikasu chija chinali kuti? Panja! Chitaima patali, manja m'thumba, kenako n'kumawomba m'manja. Wophunzira ali yekha m'galimoto, popanda munthu pabuleki! Ndipo iwo akuseka!"

Mkhalapakati anavula magalasi, n'kuwasiya alendewere.

"Bambo, chigololo chija ndi chimenechi?"

"Mayi, chigololo ndikanakhululuka. Chimagwera amuna ambiri, ena ndi mabwana. Koma tauni yonse imve kuti mkazi wa ine, ine amene, anawoloka msewu kukaphunzira kwa munthu woliza wailesi? Ndikanayenda bwanji?"

"Ndiye munaona kuti n'kwabwino tauni imve kuti akazi anu ndi achiwerewere."

Atazinena choncho, zinamveka mosiyana ndi mmene zinkamvekera m'mutu mwanga.

Loya wanga anali atakhala pansi. Anandinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, munalumbiratu paja. Kunama polumbira ndi mlandu."

7

Mayi a kunyumba anali asanalankhule chilowereni. Ndinamva akutsegula chikwama. Anabwera mbali yanga, anandigwira dzanja, n'kuikamo singano ndi kaulusi.

"Ndilowetsereni, bambo."

"Ino si nthawi yosoka."

"Ndilowetsereni."

Ndinanyowetsa ulusi ndi malovu. Ndinaukweza kuwindo. Singano ndinkaimva m'zala, koma diso lake linali litapita kumene kunapita zilembo za pachitseko cha loya ndi mbali za geti langa. Ndinalasa mphepo kangapo. Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka.

"Chikwatirane," anatero mayi, akuuza mkhalapakati, "bambowa madzulo aliwonse ankandilowetsera ulusi m'masingano opindira makatani, kuti m'mawa ndingotola. Amalankhula kwambiri, koma chimenecho ankachita mwakachetechete. Chaka chatha anasiya, ati si ntchito ya amuna. Kenako geti linayamba kuchepa. Kenako anayamba kulonjera mitengo. Ine ndimagona nawo nyumba imodzi, ndingalephere kudziwa?"

Owerenga, apa ndiye pamene panali chinsinsi changa chenicheni, chimene ndinkaganiza kuti ndikuchidziwa ndekha ndi dokotala wa maso. Anali atandiuza kuti ndili ndi ng'ala maso onse awiri, kuti imachotsedwa ndi opaleshoni yaing'ono, ndipo kuti ndisiye kuyendetsa galimoto mpaka atachotsa. Sindinabwerereko. Mphunzitsi wa galimoto wosaona, ndani angamubweretsere mwana wake? Ndinkaphunzitsa ndi makutu ndi phazi. Chilichonse chikandikayikitsa, buleki.

"Ndinati tsiku limene adzavomere, adzafuna wowayendetsa," anapitiriza mayi. "Ndipo munthu uyu sangakwere galimoto ya mlendo osamuphunzitsa mpaka kutsitsidwa panjira. Ndiye ndinati ndiphunzire ine, ndinazolowera kale."

"Bwanji simunandiuze ndikuphunzitseni ndekha?" ndinafunsa.

"Munandiphunzitsa, titangokwatirana. Munaponda buleki ndisanatuluke pageti, n'kunena kuti manja angawa ndi a singano basi. Ndinatsika, ndipo inu simunafunsenso. Laisensi ndinatenga mwezi watha, ulendo woyamba. Ndimadikira tsiku labwino loti ndikuuzeni, ndiye kunabwera chisamani chanu. Galimotoyo sindikuifunira kunyada. Ndikufuna ichoke m'manja mwanu musanaphe mwana wa munthu."

"Ndiye za kuthetsa banjazi ndi zongondiopseza?"

"Ayi bambo. Pamenepo sindikuseka. Maso ndi matenda, sindingakusiyireni matenda. Koma dzina lija munanditcha mukuona bwinobwino."

Mawu okhululukira aja, amene ndinawayeserera pamaloboti onse a m'tauni, anali a munthu woimirira. A munthu wogwada ndinalibe. Komabe ndinakankha mpando, ndinazungulira tebulo, mawondo analira ngati zitseko zakale, ndipo ndinagwada. Ndinagwira dzanja lawo ndi manja awiri.

"Mayi, ndinalakwa. Ndine chitsiru chokalamba. Musandisiye. Popanda inu nyumba ija ndi galaja chabe."

"Zikomo bambo," anatero mawu achilendo, "koma ine ndine loya wawo."

"Ndili kuno," anatero mayi a kunyumba, kumbuyo kwanga. Anali asanabwerere pampando wawo.

Kenako kunamveka kuseka kuja, kumene ndingakuzindikire pakati pa msika. Anaseka mpaka anakhala pansi, mpaka mkhalapakati anawakankhira bokosi la timapepala. Mkhalapakatiyo anati chiyambireni ntchito, aka kanali koyamba kuti timapepalato tigwire ntchito yotere.

8

Musaganize kuti zinathera m'kuseka. Mayi anaika mfundo zawo, ndipo loya wawo wosalankhula uja anazilemba mofulumira modabwitsa. Ndichotse pempho langa ndi kukonza bodza langa pamaso pa khoti. Ndikapepese kwa Wachikasu ndi mkazi wake, pakhomo pawo, masana. Ndipite ku opaleshoni. Ndipo buleki ya mbali yanga ichotsedwe.

"Nanga pempho lanu?" ndinafunsa.

"Limenelo aliimitse kaye. Lizikhala kukhoti komweko, lizikuyang'anirani."

Woweruza anandikalipira mokwanira, ndipo anandichenjeza kuti ndikadzabwerezanso kunama polumbira sindidzagona kwathu. Anali wophunzira wa Wachikasu, ndinamva pambuyo pake. Mkazi wa Wachikasu anandisiya nditaima pakhonde mpaka oyandikana nawo onse atatuluka, kenako anati ndiyambirenso chifukwa ena sanamve. Mwamuna wake anandikhululukira msanga. Anati, "Palibe kanthu bwana wanga," ndipo mawuwo ndinangowameza.

Loya wanga anandiperekeza pamasitepe amdima aja a ofesi yake atandigwira mkono. Titafika pansi anayang'ana ngati mlembi ali pafupi.

"Aphunzitsi, musakhumudwe. Kodi Wachikasu uja amalandira akuluakulu? Ine mpaka lero ndimaimika galimoto pokhapokha pamene ndingatulukire kutsogolo."

Tsiku la opaleshoni mayi anatenga kiyi. Makaniko anali atachotsa kale chopondera changa, ndipo mayi amachigwiritsa ntchito kupsinjira nsalu kuti isauluke ndi mphepo. Ndinakhala mbali yanga, manja pamawondo. Tinatuluka pageti osakhudza duwa ngakhale limodzi. Pamphambano yoyamba phazi langa linaponda pansi mwamphamvu. Panalibe kanthu. Galimoto inaima yokha, mofatsa, pamene inayenera kuima.

"Mwapondatu, bambo," anatero mayi.

"Ndimawongola mwendo."

"Wongolani. Msewu ndi wautali."

Diso limodzi analikonza kale, lina likudikira. Geti labwerera mmene linalili. Makatani a pabalaza, amene ndinkaganiza kuti ndi otuwa, ali ndi timaluwa. Mayi a kunyumba ali ndi imvi zimene sindinkazidziwa, ndipo zimawakhala.

Tsono inu owerenga, makamaka abambo anzanga a mapewa okwera, mukafuna loya musasankhe amene amakuopani. Sankhani amene angakufunseni kachiwiri kuti, "Munaona chiyani kwenikweni?" ndipo osalemba kanthu mpaka mutayankha. Akamakuwerengerani zimene mukukalumbirira, mvetserani ngati mmene mumafunira kuti ena azikumverani. Ndipo musatumize chisamani kwa munthu amene mukungofuna kuti akupepeseni, chifukwa akhoza kukagula nsapato.

Pempho la mayi likadali kukhoti. Nthawi zina ndikayamba kulankhula kwambiri patebulo, amangofunsa mwaulemu kuti, "Kodi loya wanga uja nambala yake ndinaisunga pati?" Ine ndimatenga singano, ndimatseka diso losakonzalo, n'kuyamba kulowetsa ulusi wa mawa.